Tikonze Mwana Kapena Tikonze Malo Antchito?

Mu February 2024 boma la Britain linatulutsa lipoti la kafukufuku amene anatsogolera Sir Robert Buckland, yemwe panthawiyo anali phungu wa nyumba ya malamulo, wofufuza chimene chimalepheretsa anthu a otizimu (autism) kupeza ntchito. Chiwerengero chake n'chosavuta kuchisunga m'mutu: pa anthu 10 aliwonse a otizimu amene ali pa msinkhu wogwira ntchito, 3 okha ndiwo ali pantchito. Pa anthu aulumali onse pamodzi ndi 5, pa anthu opanda ulumali ndi 8. Ku America nakonso zinthu sizosiyana kwenikweni. Akatswiri a pa yunivesite ya Drexel anapeza mu 2015 kuti pa achinyamata 100 a otizimu, 58 okha ndiwo anagwirako ntchito yolipidwa pakati pa kumaliza sekondale ndi zaka zoyambirira za m'ma 20. Otsalawo sanalaweko malipiro m'nthawi imeneyo.

Awa ndi mayiko amene mwana wa otizimu, wa ADHD (wovutika kukhazikika) kapena wovutika kuwerenga chifukwa cha dyslexia ali ndi ufulu wolembedwa m'malamulo wothandizidwa kusukulu. Lamulo la ku America lotchedwa IDEA limanena kuti mwana waulumali akamafika zaka 16, ndondomeko yake ya maphunziro ikhale itatchula kale kumene akulowera akadzamaliza sukulu. Ku England kukonzekera ukulu kumayamba m'kalasi ya Year 9, mwana ali ndi zaka 13 kapena 14. Palibe amene akukana kuti sukulu iyenera kukonzekeretsa anawa ntchito. Mkangano umabuka ikafika nkhani ya khalidwe. Ena akuti sukulu iphunzitse mwanayo makhalidwe amene kuntchito amafuna, isanafike nthawi yoti adzagwe nawo yekha. Ena akuti zimene zikutchedwa thandizo la khalidwe nthawi zambiri n'kuumba mwana kuti asamasowetse mtendere anthu omuzungulira, ndipo kuti ofunika kuphunzira ndi mabwanawo.

Njira imene yafala kwambiri m'sukulu za ku America imatchedwa PBIS, ndipo mayina amene amamveka pa chiyambi chake ndi a Rob Horner ndi George Sugai a pa yunivesite ya Oregon. Inazika mizu pamene lamulo la IDEA linakonzedwanso mu 1997, n'kulamula kuti mwana akakhala ndi khalidwe lomusokoneza kuphunzira, sukulu iganizire njira zomuthandiza zosadalira chilango. Ili ndi magawo atatu. Loyamba n'la sukulu yonse: malamulo ochepa, 3 mpaka 5, amaphunzitsidwa mmene amaphunzitsira masamu, ndipo mwana akachita bwino amayamikiridwa pomwepo, kawirikawiri ndi katikiti kamene amadzasinthanitsa ndi kamphatso. Amayembekezera kuti ana pafupifupi 80 pa 100 zimenezi ziwakwanira. Ena pafupifupi 15 amafuna kuwonjezeredwa, monga kuonana ndi mphunzitsi mmodzi m'mawa ndi poweruka. Otsala 5 aliyense amapangiridwa ndondomeko yakeyake, ndipo mtsutso wathu wagona makamaka pa amenewa.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 15 amene akapatsidwa pepala la masamu amaling'amba, n'kugwetsa mpando. Kale akanangomutulutsa basi. M'njira imeneyi mphunzitsi amatenga kope n'kumalemba kwa masabata angapo: chinachitika n'chiyani asanang'ambe pepala, anachita chiyani kwenikweni, ndipo chinatsatira n'chiyani. Masamba akadzaza, zinthu zimayamba kuoneka. Mnyamatayo amang'amba pepala nthawi imene kalasi yoyandikana nayo ikukoka madesiki, ndipo chotsatira chake sichisintha: amatulutsidwa, n'kukakhala pakhonde pamene pali zii. Ndiye kuti kung'amba pepalako kumamupindulira, ndipo amene wakhala akumuphunzitsa mosadziwa ndi mphunzitsi yemweyo. Chochita ndi kumupatsa njira yachidule yopezera chomwecho: kakhadi kosonyeza kuti akufuna kupuma, kamene akakakweza amaloledwa kutuluka mphindi 5 popanda kufunsidwa mafunso. Edward Carr ndi Mark Durand anaonetsa mu 1985 kuti mwana akaphunzira kupempha chimene akufuna, khalidwe lovutalo limachepa, poti lasowa ntchito.

Oikira kumbuyo njirayi amayambira pa tsiku limene sukulu idzathe. Ku America mwana waulumali angathe kukhala m'manja mwa sukulu mpaka zaka 21. Nthawiyo ikatha, basi ya sukulu siimanso pakhomo, ndipo palibe wokakamizidwa kumulandira. Bwana wa pasitolo sasunga kope lolembamo zimene zinachitika wantchito asanakalipe. Amamuchenjeza kamodzi, kawiri, kachitatu ndi kalata. Amene amaperekeza achinyamatawa kuntchito amadandaula chinthu chimodzimodzi: kulongedza katundu, kulowetsa manambala mu kompyuta kapena kutsuka ziwiya sikuwavuta. Chimawachotsetsa ntchito ndi kufika mochedwa, kungokhala duu makina akaima osauza munthu, kupsa mtima ndondomeko ya tsiku ikasintha, kugwira tsitsi la mnzawo wantchito chifukwa laoneka lofewa. Zonsezi n'zophunzitsika, ndipo malo ake ndi kusukulu, kumene munthu akalakwitsa sagona ndi njala. M'mera mpoyamba, amatero.

Makolo ambiri ali mbali imeneyi, ndipo sindiwaona cholakwa. Mayi amene mwana wake wamwamuna wamupitirira msinkhu, ndipo akapsa mtima amathyola chitseko, alibe nthawi yodikira kuti dziko lisinthe. Chimamusowetsa tulo n'chakuti iye akadzatsikira kulichete adzamusunga ndani. Akudziwa kuti mnyamata amene angakwere basi yekha, kugwira ntchito maola 4 n'kubwerako, ali ndi tsogolo losiyana kutali ndi la amene sangathe.

Umboni alinso nawo. Kafukufuku wa Catherine Bradshaw ndi anzake m'sukulu za pulayimale 37 za ku Maryland, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti kumene PBIS inakhazikitsidwa ana otumizidwa ku ofesi ya ahedi ndi oimitsidwa sukulu anachepa. Mwana amene ali kunja kwa kalasi saphunzira kanthu, choncho ichi si chaching'ono. Koma chida chawo chachikulu chili ku Virginia, ndipo chiyambi chake chili ku Ohio.

Mu 1996, Erin Riehle, namwino amene ankayang'anira chigawo cha odwala mwadzidzidzi pachipatala cha ana cha Cincinnati, anatopa ndi kusinthasintha kwa antchito olongedza zipangizo m'makabati: akaphunzitsa mmodzi, posakhalitsa wapita. Anadzifunsa ngati ntchitoyo singagwiridwe ndi achinyamata aulumali, amene chipatalacho chinkawalandira tsiku ndi tsiku ngati odwala koma chosawalemba ntchito. Mogwirizana ndi Susie Rutkowski, woyang'anira maphunziro apadera ku sukulu zophunzitsa ntchito za Great Oaks, anayambitsa Project SEARCH. Chaka chomaliza cha sukulu, wophunzira amalawirira kuntchito m'malo mwa kusukulu. M'mawa amakhala pafupifupi ola limodzi ndi mphunzitsi m'kachipinda ka pachipatala pompo, kenako amavala baji n'kupita ku dipatimenti yake. Pachaka amazungulira madipatimenti atatu, paliponse masabata 10 kapena 12, ali ndi womuperekeza amene amamusiya pang'onopang'ono mpaka aziyenda yekha.

Paul Wehman ndi anzake a pa Virginia Commonwealth University anatenga njirayi n'kuwonjezamo thandizo la khalidwe loyenera achinyamata a otizimu: ndandanda ya zithunzi yosonyeza choyamba kuchita ndi chotsatira, kuyeseza pasadakhale kaperekedwe ka moni ndi kapemphedwe ka thandizo, njira zodzikhazika mtima ukayamba kuthamanga, ndi kope lija lofufuza chimene chayambitsa vuto. Achinyamata 40 a zaka 18 mpaka 21 anagawidwa mwamaere: 24 anapita kukaphunzirira ntchito m'zipatala za m'dera la Richmond, 16 anatsala kusukulu monga mwa masiku onse. Zotsatira zinatuluka mu 2014. Mwa 24 aja, 21 analembedwa ntchito yolipidwa ngati wina aliyense. Mwa 16 aja, mmodzi yekha. Atabwereza ndi achinyamata oposa 150, zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti patatha chaka chimalizire sukulu, 73 pa 100 a gulu loyamba anali atapeza ntchito, pamene a gulu lachiwiri anali 17 pa 100. Pa nkhani za maphunziro, kusiyana kotere sikuonekaoneka.

Otsutsa, amene ambiri mwa iwo ndi akuluakulu a otizimu omwe anadutsa m'manja mwa akatswiri a khalidwe ali ana, amayambira pa mbiri. Amati musanatiuze za ntchito, tiuzeni kumene nzeru zimenezi zinachokera. Mu 1987 Ivar Lovaas wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles analengeza kuti pa ana 19 amene anaphunzitsidwa maola 40 pa sabata, 9 anafika pokhoza m'kalasi wamba ngati ana ena onse. Cholinga chinali chakuti mwana asasiyanitsike ndi anzake, ndipo zina mwa zida zake zinali kukalipira ndi kumenya pantchafu. Ku Massachusetts, sukulu ya Judge Rotenberg Center yakhala ikugwiritsa ntchito kachipangizo kopereka shoko ya magetsi pakhungu pofuna kuletsa makhalidwe ena. Bungwe la boma la FDA linakaletsa mu 2020, khoti n'kuchotsa chiletsocho mu 2021. M'sukulu wamba namonso, ziwerengero za boma la America za chaka cha maphunziro cha 2017 mpaka 2018 zinaonetsa kuti ana aulumali othandizidwa ndi lamulo la IDEA anali 13 pa 100 ya ophunzira onse, koma pa ana amene anapanikizidwa ndi manja a akuluakulu kuti asagwedezeke, 80 pa 100 anali iwowo.

Oikira kumbuyo amayankha msanga kuti njira yawo inabadwa pokana nkhanza zomwezo, ndipo akunena zoona: Horner ndi Carr anali m'gulu la akatswiri amene analimbana ndi zilango zopweteka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Yankholi siliwagwedeza otsutsa. Amati mbama mwachotsa, koma cholinga mwachisiya pomwe chinali. Taonani zimene zimalembedwa pa tchati cha mwana: manja akhale chete, ayang'ane wolankhula m'maso, asagwedezeke pampando, ayankhe moni mwansangala. Mwana akakupiza manja, wapweteka ndani? Akuluakulu a otizimu amene Steven Kapp ndi anzake anacheza nawo m'kafukufuku wa mu 2019 ananena kuti kugwedeza thupi, kukupiza manja ndi kubwereza mawu n'kumene kumawakhazika mtima pansi phokoso, kuwala kapena nkhawa zikachuluka. Womuletsa wamulanda chodzitetezera, chimene chikumusautsa chili pomwepo, kenako n'kumadabwa kuti mwana waphulika masana.

Mwana wochenjera amaphunzira msanga chimene akuluakulu akufuna, n'kuyamba kuvala nkhope ina m'mawa uliwonse. Amayang'ana pamphumi pa mphunzitsi kuti azioneka ngati akumuyang'ana m'maso, amaloweza mayankho a moni, amakhalira manja ake kuti asauluke. Pa tchati nyenyezi zimachuluka, aphunzitsi n'kulemba kuti zayenda. Akafika kunyumba amadzitsekera m'chipinda mpaka kucha. Kafukufuku wa Sarah Cassidy ndi anzake ku Britain mu 2018 anapeza kuti akuluakulu a otizimu amene amadzibisa kwambiri motere amakhalanso pangozi yaikulu ya maganizo ofuna kudzipha. Kafukufukuyo sananene kuti tchati cha kusukulu ndicho chimayambitsa zimenezo, ndipo otsutsa ena amapyola malire pamenepa. Komabe wantchito amene mphamvu zake zonse zimathera pa kuoneka bwino pamaso pa anthu, ya ntchito yeniyeniyo aitenga kuti?

Mfundo yawo imene ine imandigwira kwambiri ndi ya kumvera. Mwana amene kwa zaka 12 wakhala akupatsidwa tikiti akachita chimene munthu wamkulu wanena, n'kumanidwa akakana, waphunzira phunziro limodzi mozama kuposa masamu: wamkulu akanena, chita. Ndiye mutumizeni kuntchito. Kapitawo akuti atsalire maola awiri osalipidwa, atsalira. Mnzake akuti amubwereke khadi la kubanki, apereka. Kwa mtsikana zoopsa zake n'zoposa apa, ndipo owerenga akuzidziwa. Oikira kumbuyo amati musanyoze tikiti, malipiro a pamwezi nawonso ndi tikiti, tonse timadzukira zomwezo. Otsutsa amati malipiro amabwera ndi mgwirizano umene munthu anausaina, angaukane, angausiye. Mwana wa zaka 7 sanasaine kanthu. Ndipo zoti dziko limakonda wantchito waulumali wosadandaula si nkhambakamwa: lamulo la ntchito la ku America la 1938 lili ndi ndime 14(c), yololeza olemba ntchito ena kulipira anthu aulumali ndalama zochepera malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, ngakhale kuti zigawo zingapo za dzikolo zinaithetsa kwawo.

Amafunsanso kuti n'chifukwa chiyani wosintha akhale mmodzi. Damian Milton, katswiri wa ku Britain amenenso ndi wa otizimu, analemba mu 2012 kuti kusamvana pakati pa munthu wa otizimu ndi amene alibe kumachokera mbali zonse ziwiri: uyu sakumumvetsa uyo, uyonso sakumumvetsa uyu. Ku Edinburgh, Catherine Crompton ndi anzake anayesa mu 2020 kupatsirana nkhani pamzere wa anthu 8, wina kuuza wina mpaka womaliza, ndipo anapeza kuti mzere wa anthu a otizimu okhaokha unafikitsa nkhaniyo bwino chimodzimodzi ndi mzere wa anthu opanda otizimu. Ku yunivesite ya Bath, Katie Maras anaonetsa kuti mafunso a intavyu akafunsidwa molunjika, gawo limodzi panthawi, anthu a otizimu amayankha bwino kuposa kale, enawonso n'kupindula nawo. Thorkil Sonne anatsegula kampani ya Specialisterne ku Denmark mu 2004, mwana wake atapezeka ndi otizimu, ndipo m'malo modalira intavyu ankaona anthu akugwira ntchito kwa masabata angapo. Kampani ya SAP inayamba ndondomeko yake yolemba anthu a otizimu mu 2013, Microsoft mu 2015. Makampaniwa sanadikire kuti sukulu iwatumizire anthu okonzedwa kale. Anakonza khomo lawo lolowera.

Apa oikira kumbuyo ali ndi funso losazembeka. Ntchito za ku SAP ndi Microsoft n'za anthu ochepa, odziwa kompyuta, ndipo amene amalemba nkhani zotsutsa m'manyuzipepala ndi otha kudzilankhulira. Nanga mnyamata wosalankhula amene amadzimenyetsa mutu kukhoma mpaka kutuluka magazi? Kunena kuti dziko limulandire mmene alili n'kumutaya. Otsutsa oganiza bwino amavomera kuti ameneyo athandizidwe, koma amati ndiye amene ali pangozi yaikulu yokonzedwa osafunsidwa, poti sangadandaule. Ndipo kudzimenyako mwina ndi dzino likuwawa, limene tikiti singalichiritse. Amawonjeza kuti zolembedwa m'buku ndi zochitika pamalo n'zosiyana. Ku England, kafukufuku wa Angela Hassiotis ndi anzake, amene anatuluka mu 2018, anaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo njira ya mtundu womwewu yothandizira akuluakulu ovutika kuphunzira, ndipo patatha chaka makhalidwe ovutawo sanachepe kuposa a anthu amene anathandizidwa mwa masiku onse. Ndondomeko zambiri sizinatsatidwe mokwanira. Abale athu amene akugwira ntchito yosamalira anthu ku Britain amakumana nayo njirayi m'maphunziro a kuntchito, ndipo akudziwa kutalika kwa mtunda pakati pa fayilo ya mu ofesi ndi shifiti ya usiku yokhala ndi antchito awiri. Kusukulu nako n'chimodzimodzi. Chovuta kuchita, kope lija la masabata angapo, n'chimene chimayamba kusiyidwa. Chimatsala ndi tchati ndi nyenyezi.

Ine ndikuona kuti oikira kumbuyo akulondola kuti thandizo la khalidwe likufunika, koma umboni umene amaunyadira ukuthandiza otsutsa kuposa mmene eniakewo akuganizira. Achinyamata 16 amene anatsala kusukulu ku Virginia sanasiyidwe okha. Anali ndi aphunzitsi apadera ndi ndondomeko zawo monga lamulo limanenera, ndipo wopeza ntchito anali mmodzi. Chimene chinasintha kwa 24 aja ndi malo. Makhalidwe amene anaphunzira ankatuluka m'ntchito yeniyeniyo. Amene akulongedza zida za opaleshoni m'thireyi ayenera kusamba m'manja, kuwerenga zidazo, ndi kuitana munthu chida china chikasowa, ndipo chifukwa chake akuchiona ndi maso: thireyiyo ikupita kwa dokotala amene akudikira. Kaya akung'ung'udza kanyimbo kapena akugwedezeka uku akuwerenga, thireyi ilibe nazo ntchito. Komanso miyezi 9 ya pachipatala siphunzitsa wophunzira yekha. Anamwino ndi akapitawo amazolowera munthu amene saseka nthabwala zawo koma salakwitsa kuwerenga, amaphunzira kumulembera malangizo m'malo momuuza akudutsa, ndipo mpata wa ntchito ukapezeka amalemba munthu amene akumudziwa kale. Erik Carter ndi anzake anapezanso mu 2012 kuti mwa zinthu zimene zimasonyeza kuti wachinyamata wa ulumali waukulu adzapeza ntchito, kugwirako ntchito yolipidwa adakali pasukulu n'chimodzi mwa zamphamvu, limodzi ndi chiyembekezo cha makolo ake. Kafukufuku wa ku Maryland uja anawerenga ana otumizidwa kwa ahedi. Sanawerenge malipiro a munthu aliyense.

Choncho pa khalidwe lililonse limene sukulu ikufuna kusintha, ndingayambe ndafunsa kuti likuvulaza ndani. Ngati likuvulaza mwiniwake, mnzake kapena ntchito, lithandizidwe, ndipo pasakhale manyazi pamenepo. Ngati likungosautsa maso a woonerera, lisiyidwe. Kuyang'ana m'maso n'chitsanzo chimene ife kuno sitingavutike kuchimvetsa. Ku America mwana amapatsidwa nyenyezi chifukwa choyang'ana mphunzitsi m'maso. Kumudzi kwathu mwana wotong'olera agogo maso akamamulangiza amatchedwa wamwano. Chinthu chimene chimasintha munthu akangokwera ndege ndi mwambo, ndipo mwambo umafotokozedwa, mwiniwake n'kusankha pougwiritsa ntchito. Wachinyamata wa zaka 17 amene akufuna ntchito yolandira alendo pahotela angapemphe yekha kuti amuphunzitse kamwetulidwe ndi kalonjeredwe. Zimenezo n'zosiyana ndi kumuikira pa tchati ali ndi zaka 6 osamuuza chifukwa.

Ndingafunsenso ngati chimene akuphunziracho anganyamule popita kuntchito. Tikiti imatsala kusukulu pamodzi ndi mphunzitsi woipereka. Alamu ya pafoni imene imakumbutsa mtsikana wa ADHD kuti nthawi yopuma yatha, chizolowezi choduladula ntchito yaikulu n'kumachonga gawo lililonse likatha, zotseka m'makutu za amene phokoso limamupweteka, pulogalamu yowerenga mokweza kalata ya kuntchito kwa wa dyslexia, zonsezi amapita nazo. Lamulo la Americans with Disabilities Act la 1990 ndi la Equality Act la 2010 ku Britain amalamula olemba ntchito kusintha zinthu zina kuti waulumali agwire bwino ntchito, koma kawirikawiri wantchitoyo ndiye ayenera kutsegula pakamwa n'kunena chimene akufuna. Sukulu imene yaphunzitsa mwana kukhala chete yamulanda lamulo lake lomwe. Pa ndondomeko iliyonse yophunzitsa kutsatira malangizo pakhale mzere wophunzitsa kukana, kudandaula, ndi kufunsa kuti malipiro a mwezi uno achepa bwanji. Kakhadi kopempha kupuma n'poyambira pabwino, bola mphunzitsi azikalemekeza ngakhale tsiku limene iyeyo watopa.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutikhudza mwa mtundu wina. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana 100 kwa mphunzitsi mmodzi si chachilendo, ndipo aphunzitsi a maphunziro apadera amene amatuluka ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zowafuna. Kulemba kope la mwana mmodzi kwa masabata angapo ndi loto kwa mphunzitsi wa Sitandade 2 amene akuphunzitsira pansi pa mtengo. Mwana wosakhazikika amatchedwa wopulupudza n'kupatsidwa chikwakwa kuti akatchetche udzu. Wosalankhula amanenedwa kuti anamulodza, kapena kuti makolo anamukhwimira chuma. Koma kufunsa kuti chinachitika n'chiyani asanatero sikulira ndalama, ndipo angafunse ndi mayi ake, mphunzitsi, ngakhale mnzake wokhala naye pafupi m'kalasi.

Pa nkhani ya ntchito tili pafupi ndi Cincinnati kuposa mmene tingaganizire. Achinyamata ambiri kuno salowa ntchito kudzera pa intavyu. Amaphunzira ataima pambali pa kalipentala, telala, wowotcherera zitsulo kapena makaniko, ndipo bungwe la TEVETA limawazindikira maphunziro oterewa. Mphunzitsi amene angaperekeze wophunzira wake kwa telala wa pamsika kawiri pa sabata, n'kumufotokozera telalayo kuti mtsikanayu mukamuuza zinthu zitatu nthawi imodzi asokonezeka, koma mukamuonetsa kasokedwe ka mpendero iye akuona sadzaiwala, wayenda njira yomwe anayenda a ku Virginia. Choopsa chathu n'chimene otsutsa akunena, ndipo kuno n'chachikulu chifukwa timatamanda kwambiri mwana womvera. Ambiri a ife tamuonapo mnyamata wa pamsika kapena pachigayo amene amatumidwa kutunga madzi, kusenza matumba ndi kusesa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, n'kulipidwa nsima ndi ndiwo zotsala, anthu n'kumati akumuthandiza. Lamulo la anthu aulumali la 2024 likuletsa tsankho pantchito, koma lamulo siliyenda lokha kukafika pachigayo. Mphunzitsi woperekeza mwana kwa telala akambe za ndalama tsiku loyamba lomwelo: kuphunzira kutha liti, akayamba kusoka zogulitsa azilandira zingati pa chovala chilichonse, ndipo ndalamazo zizilowa m'manja mwa ndani. Mtsikanayo akhale pomwepo pokambiranapo, ndipo afunsidwe maganizo ake.